Mphanda za chigafa chathu

Tinafika ku Chulu pa lole ya esiteti, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi. Kwathu n'ku Phalombe. Tinabwera kudzalima fodya ngati matenanti, tikuti chaka chimodzi basi.

Fodya atayamba kukhwima, akapitawo anati banja lililonse limange chigafa chake choyanikamo. Mitengo kuno ndi yosowa, ndi mizere yokhayokha mpaka polekezera maso. Koma kuseri kwa dambo kunali kankhalango kowirira, kosadziwa nkhwangwa. Amuna anga anakadulako mphanda zisanu ndi imodzi, n'kubwera akuseka kuti anthu akuno ndi aulesi. Inenso ndinaseka nawo. Kuseka kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Chigafa chitaima, ndinakumana kuchitsime ndi mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe. Anatula ndowa pansi.

"Amayi, mitengo ija mwadula kuti?"

Ndinaloza.

"Kuja n'kumanda akalekale. Eni ake sitiwadziwa, makolo athu anachita kuwapeza. Ngakhale nkhuni sititolako. Wotengako kanthu amabweza."

"Ndiye tikabweze mitengoyo?"

"Salandira mitengo," anatero, n'kusenza ndowa yawo.

Ndinachonderera amuna anga kuti tigwetse chigafacho. Anakana, poti fodya tinali titapachika kale, mvula ili pamutu. Ndinati tithawe. Anandifunsa kuti tikwera chiyani, popeza lole imabwera fodya akagulitsidwa. Ndife a mpingo, ndinapemphera ndithu. Koma masana alionse, ndikusoka fodya m'chigafamo, ndinkaona mphanda zija zikukha utomoni wofiira ngakhale zinali zitauma. Mwana ankakonda kusewera pomwepo. Ndinkamukalipira mpaka kumumenya, iye osadziwa chimene walakwa.

Mwanayo anatentha thupi m'mwezi wa Malichi. Kuchipatala anati ndi malungo, ndipo mwina analidi malungo. Tsiku lachitatu anatisiya.

Tenanti alibe manda. Kunyamula maliro mpaka ku Phalombe sitikanatha, ndipo manda a m'mudzi ndi a eni mudzi. Akuluakulu atakambirana anatilozera malo amodzi okha, kankhalango kaja. Adzukulu anakumba pafupi ndi zitsa zimene amuna anga anasiya.

Lole inabwera mu Ogasiti. Amuna anga anakwera. Ine ndinamanga katundu, ndinafika mpaka pamsewu, koma ndinabwerera. Ndikachoka, ndani azikamulambulira mwana wanga kumalo kumene anthu saponda? Ndikadali kuno, ndikusoka fodya wa eni.