Nambala Imene Kompyuta Inkaiwala

Inu amene mayeso akukukanani, tamvani za Darnell Pruitt wa ku Toledo.

Mkuluyu anatha zaka makumi awiri akunyamula mafiriji, mpaka msana unati basi. Ali ndi zaka 47 anayamba kuphunzira za makompyuta. Mayeso analephera katatu, ndipo kachitatuko mkazi wake sanafunse n'komwe kuti zayenda bwanji. Zimenezo zinamuwawa koopsa.

Kachinayi anakhoza movutikira. Kakampani kena kosunga zithunzi za mano a odwala kanamulemba ntchito mongomuyesa. Abwana ake, Mayi Kowalczyk, sanabise mawu.

"A Pruitt, disiki yathu yakaleyi, yosungira zithunzi m'kompyuta, ikumakomoka tikamakopera mafayilo akuluakulu. Ikapanda kuchira pofika Lachisanu, mutuluka nayo limodzi."

Darnell anawerenga mpaka maso psuu. Lachitatu anapeza pamene panagona nkhani. Kenelo, pulogalamu imene imalamulira zonse m'kati mwa kompyuta, inkasenzetsa disikiyo katundu wambiri paulendo umodzi. Munthu wa mafiriji anamvetsa msanga: nayonso inali nkhani ya msana. Pali nambala imene imaika malire a katunduyo. Anaitsitsa kuchoka pa 1280 kufika pa 128, mafayilo n'kuyamba kuyenda myaa.

Chimwemwe chinamupitirira mkuluyu. Anagula madonasi, n'kuitana ofesi yonse.

"Taonani, abwana! Yachira nkhalamba ija!"

"Tiione ikadzuka," anatero mayiwo, n'kuzimitsa kompyuta, n'kuiyatsanso.

Disiki ija inakomokanso anthu onse akuona, m'kamwa muli madonasi a Darnell. Nambala imeneyi ukangoisintha pamanja, kompyuta ikazima imaiwala, n'kubwerera ku yakale. Chomvetsa chisoni n'chakuti Darnell ankazidziwa. Linali funso lomwe analakwa pa mayeso achiwiri.

"Madonasi okha ndiye mwakhoza, bambo," anatero Mayi Kowalczyk.

Manyazi anamugwira mpaka anatenga jekete kuti azipita. Anafika pakhomo, anaima, n'kubwerera pampando.

Lachinayi lonse anakhalira kulemba lamulo mu fayilo imene kompyuta imawerenga ikamayaka, kuti nambala ija izibwerera yokha pa 128. Kompyutayo anaizimitsa ndi kuiyatsa yekha kakhumi, chitseko atatseka.

Lachisanu sanagule kanthu.

"Zimitsani, abwana. Kaya muzule chingwe, zulani."

Mayiwo anazimitsa kamodzi, kawiri, kachitatu akumuyang'ana m'maso. Disiki ija osatekeseka.

"Lolemba mubwere ndi kapu yanuyanu," anatero. "Mwamwera mokwanira makapu a alendo."

Ntchito itakhazikika chonchi, Darnell anathawira kuchimbudzi kukalira, bambo wamkulu ndi imvi zake.

Ndiye osataya mtima, abale anga. Kugwa anthu akuona si kufa. Koma mukakonza chinthu, yambani mwachizimitsa nokha musanaitane anthu.