Lachinayi Langa Lobereka Mdzukulu

Milandu yanga yambiri ndimaipalamula ndi pakamwa pangapa. Chaka chimene anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya makolo pasekondale yoyendera ya kwathu, kufupi ndi pa Kamwendo, ndinkalankhula ngati ndameza wailesi. Pamsonkhano wina, pansi pa mtengo wa mango, ndinanena kuti mtsikana akabereka asakwatiwe, abwerere kusukulu. Anthu anawomba m'manja. Kuwombako kunandiledzeretsa, ndiye ndinawonjezera zimene sanandifunse: ndinati kulera khanda la mtsikana wotereyu isakhale ntchito ya amayi okha, ifenso abambo tigwireko. Amayi anaimba nthungululu. Mkazi wanga yekha sanaimbe nawo, ankangondiyang'ana.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chaka chisanathe, mwana wanga wachisamba, ali Fomu 3, anapezeka ali ndi pakati. Mwini mimbayo anali dalaivala wa thiraki yopita ku Zambia, amene atangomva nkhaniyi anaoloka malire, ndipo mpaka lero thirakiyo sinapeze njira yobwerera. Ndinapsa mtima moti ngakhale mbuzi zinkandilambalala. Mwanayo ndinasiya kumulankhula. Khanda litabadwa, la mwamuna, sindinalinyamule ngakhale kamodzi. Maganizo anga anali akuti onse awiri akakhale kwa azakhali ake ku Chiosya, kutali ndi maso a anthu, za sukulu zithere pomwepo.

Mkazi wanga anangondifunsa funso limodzi: "Kodi abambo aja ankalankhula pansi pa mango paja, anali a mudzi uti?"

Khanda litakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, mtsikana anabwerera kusukulu. Koma mdzukulu wangayo anatengera makani anga: phala ankalilavula, ankafuna bere basi. Amayi a m'mudzi anagwirizana kuti tsiku lililonse mmodzi azimubereka n'kupita naye kuseri kwa makalasi nthawi ya buleki kuti akayamwe. Mtsikana naye anaika lake lamulo, akuuza amake koma mokweza kuti ine ndimve.

"Amama, tsiku limene mwana sadzabwera, mkaka n'kutulukira pa yunifolomu anzanga akuona, sindidzapondakonso."

Ndinadziwa kuti sakunama. Mtima wakewo ndi wanga womwe.

Anagawana masiku bwinobwino, koma Lachinayi linasowa mwini, chifukwa ndi tsiku limene amayi onse amapita ku mapemphero awo kutchalitchi. Atandiuza kuti Lachinayi ndi la awapampando, ndinayesa akunena wapampando wina. Ndinakana, ndinalumbira, ndinati mwamuna wa imvi ngati ine sangabereke mwana dziko likuona. Amayi asanu anandiyankha pamodzi ngati kwaya: "Munanena nokha."

Lachinayi loyamba mkazi wanga anavala zoyera zake n'kunyamuka, kundisiyira khanda ndi chitenje cha zithunzi za nkhuku. Ndinayamba ndayesa nzeru zachimuna. Ndinamuika m'katoni pa kaliyala wa njinga. Analira mpaka agalu a anansi anayankha. Ndinamunyamula m'manja, tisanafike pa mjigo, mikono inali itafa. Mapeto ake ndinawerama monga ndinkawaonera amayi, n'kumuponya kumsana, n'kumanga mfundo pamimba ngati lamba. Pamwamba ndinavala jekete kuti anthu asazindikire. Ndinkaoneka ngati ndaba dzungu.

Ndinkafuna kudzera m'minda ya mtedza, koma nthawi inali itandithera pa katoni paja. Njira yachidule inali imodzi: pakati penipeni pa Kamwendo, ndipo linali tsiku la msika.

Oyamba kundiona anali akabaza pa siteji. Mwendo wa mdzukulu unali utatulukira pansi pa jekete.

"Amayi! Tikupititseni kusikelo?"

Siteji yonse inagwa ndi phwete. Dalaivala wina wa thiraki anandiimbira hutala, ndipo ndikanakhala wopanda katundu kumsana ndikanamulipiritsa machimo a mnzake. Anzanga a bawo anasiya masewera. Mmodzi, amene timakhala naye mpando umodzi kutchalitchi, anaseka mpaka anagudubuza njere zonse. Nthawi yomweyo ndinamva kufunda kukutsika ndi msana. Mdzukulu anali atapereka maganizo ake.

Ndiye mfundo ija inayamba kutsetsereka. Khanda linali likutsikira kumatako pamene mayi wina wa ku Chipata, wogulitsa zitenje, anandithamangira.

"Imwe atate, mwana azagwa! Chosani jekete iyo."

Anandivula pakati pa msika. Anandiuza, anthu onse akumva, kuti nsalu imakhala pa chifuwa cha mayi chifukwa pali poikola, pamene ine pachifuwa panali see ngati thabwa. Mwamuna, anatero, azidutsitsa nsalu paphewa limodzi n'kumanga pambali. Anakoka mfundo mpaka ndinatsokomola, nandimenya paphewa ngati akuthamangitsa bulu. Kusukulu chitsulo cha buleki chinali chitalira kale.

Ndinathamanga. Sindinathamangepo chotero chisiyireni mpira. Jekete m'manja, nkhuku za pachitenje zikuuluka, mdzukulu akuseka kumsana poyesa ndi masewera.

Kuseri kwa makalasi ndinamupeza mwana wanga wamkazi ataima yekha, mkono umodzi utaphimba chifuwa. M'dzanja linalo munali jumbo ya mabuku ake onse. Anali atalongedza kale. Ankadziwa kuti Lachinayi ndi la ndani, ndipo sankayembekeza kuti kubwera munthu. Zimenezi zinandipweteka kuposa kuseka konse kwa pa siteji, chifukwa sanalakwitse kuganiza choncho.

Atandiona anaseka, kenaka kusekako kunasanduka misozi.

"Ababa, mwabwera."

Panali patadutsa chaka ndi miyezi ndisanamulankhule ngati mwana wanga. Ine wolankhula pamisonkhano, ndinangoti, "Fulumira, chitsulo chilira." Ndinatembenuka kuti amasule mwana, ndipo zinandithandiza, chifukwa nkhope yanga sanaione. Atatha kuyamwitsa anandiberekera yekha mdzukulu, mfundo paphewa, natola jumbo yake n'kulowa m'kalasi.

Pobwerera sindinavale jekete. Ndinadutsa pa siteji pomwe paja pang'onopang'ono, n'kupereka moni kwa aliyense.

Ndinabereka Lachinayi lililonse mpaka mwana analeka kuyamwa. Akabaza anatopa nako kuseka, ena anayamba kundinyamula ulere mvula ikagwa. Mtsikana analemba mayeso a Fomu 4, ndipo tsiku lomaliza anabwera ndi chitenje cha nkhuku chija atachapa ndi kusita, nati ndichisunge ndine.

Mwezi wathawu, m'mamawa, kunabwera odi pakhomo. Anali mnzanga uja anagudubuza njere za bawo. Anafunsa za mvula, za fodya, za mtengo wa feteleza, chipewa akuchipotokola m'manja. Ndinali nditamva kale kuti mdzukulu wake wa Fomu 2 wabereka. Ndinali nditasungira tsiku limeneli mawu ambiri okoma omubwezera, koma nditamuyang'ana ndinakumbukira jumbo ya mabuku ija. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa chitenje.

"Imirirani, achimwene," ndinatero. "Pamimba sipamangidwa. Bweretsani phewa."