Mfundo ya Ukonde pa Waya wa Lole

Sukulu ndinalekera Sitandade Fo. Za magetsi a galimoto ndinaziphunzira ndi zala zanga, ndipo sindinawotchepo galimoto ya munthu.

M'zaka za nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi ndinkayendetsa lole ya mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Iye anali msodzi wa ku Kavalamanja. Lole yakaleyo anaigula ndi ndalama za maukonde ake, koma kuyendetsa sankadziwa. Tinkanyamula nsomba zothira mchere kuchoka kumtsinje kupita nazo ku buliji ya Luangwa, kumene amalonda a ku Lusaka ankatidikira. Tinkayenda masana okha, matayala athu mmene mwadutsa matayala a ena, kuopa mabomba okwirira. Tikaima, lole pansi pa mtengo, nthambi pamwamba pake, chifukwa cha ndeke. Galimoto ya nthawi imeneyo inkafunika kulira ukangopotokola kiyi. Yanga inkalira.

Ndinapita kumaliro ku Mburuma masiku anayi. Pobwerako ndinapeza wailesi m'kabini, yomangidwa ndi malegeni pansi pa dashibodi.

"Wamanga ndani, mlamu?"

"Ine. Kodi mawaya awiri okha mpaka tiitane munthu wa ku boma?"

Ankafuna kumamva nkhani za nkhondo. Imeneyo sindinatsutse. Wailesi inkalankhula bwino, nanenso ndinkamvera.

Patapita mlungu umodzi, tinapakira nsomba madzulo kuti tinyamuke m'mawa. Kutacha ndinapotokola kiyi. Sitata inangoti kwe, n'kukhala chete. Azimayi eni nsomba anatsika n'kukankha, injini inagwira. Ku buliji tinatsitsa katundu, tinagona, m'mawa inalira ndi kiyi ngati palibe chinachitika. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Ikagona ndi katundu, batire yafa. Ikagona yopanda kanthu, ili bwino.

Ndinati ndi wailesi. Mlamu anaimasula yekha mokwiya, n'kukaiika m'nyumba. Tinapakiranso nsomba, ndipo m'mawa batire inali itafa ndithu.

"Nanga lero ndi wailesi iti?" anatero pamaso pa azimayi aja. "Mumaiwala malaiti, mlamu. Maso ayamba kukalamba."

"Malaiti ndikazimitsa, azima."

"Kuli dalaivala ku Katondwe, ali ndi mapepala a umakanika. Ulendo wa Loweruka ikakankhidwanso, kiyi ndimupatsa iyeyo."

Mayi wina anaseka. "Mpatseni, bambo. Ife tinabwera kudzagulitsa nsomba, osati kudzakhala sitata."

Zaka zisanu ndi chimodzi kiyi imeneyo inali isanagonepo m'thumba la munthu wina.

Lachisanu ndinauza azimayi aja apakire m'mawa, osati madzulo. Matenda ankabwera ndi katundu, choncho ndinafuna kuwapeza katundu ali pomwepo, dzuwa likuwala. Ndinadikira mpaka masana. Ndinatenga babu yaing'ono ya indiketa n'kuilumikiza ku mawaya awiri. Batire ya lole ija inkakhala m'bokosi pambali, kuseri kwa kabini. Ndinamasula waya wake wopita ku chasisi, chitsulo chija chonyamula lole yonse, n'kuika babu pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Kiyi ili m'thumba mwanga, zonse zozima, babu siyenera kuyaka. Inayaka. Mofooka, ngati khala lophimbika ndi phulusa, koma inayaka. Chinalipo chimene chinkamwa moto.

Ndinachotsa mafyuzi imodzi imodzi. Ndikachotsa, nditsike ndikaone babu. Ya malaiti, ikuyakabe. Ya hutala, ikuyakabe. Onse anatha, babu osazima. Pamenepo mtima unakhala pansi. Mawaya onse amene lole inabadwa nawo amadutsa pa mafyuzi, kupatula a sitata ndi a dainamo, ndipo amenewo ndinali nditawaona kale. Wakuba anali mlendo.

Ndinapukuta matope pa mutu wina wa batire. Pansi pa waya wonenepa wa sitata panali kawaya kofiira, kopanikizidwa pamenepo. Wailesi inali m'nyumba, koma waya wake unatsala, uli ndi moto usana ndi usiku. Ndinagona chagada n'kuutsatira ndi chala. Unkayenda pa chasisi, pansi pa matabwa a bodi. Madzi a nsomba ankandidonthera kumaso. Pakati penipeni chala chinagunda chotupa chokulungidwa ndi sanza yonyowa.

Ndinamasula sanzayo. Waya unali utamuperewera mlamu, ndiye analumikiza zidutswa ziwiri. Sanapote monga timachitira. Anasenda nsonga zonse n'kumanga mfundo ya ukonde, yaudongo, yoti ngakhale mvuu singaidule. Kuti isasuntheko anaifinyira chidutswa cha mtovu, uja amapanikiza pa chingwe cha pansi cha ukonde kuti umire. Kenako anakulunga sanza n'kumangirira zonse pa chitsulo. Sanza ikauma, palibe mlandu. Ikamwa madzi a mchere ochokera m'mitolo ya nsomba, moto unkadutsa n'kulowa m'chasisi pang'onopang'ono mpaka kucha.

Ndinakankha mfundoyo kuichotsa pa chitsulo. Babu inazima. Ndinaibwezera, inayaka. Ndinamuitana mlamu.

"Lowani pansi."

"Malaya awa ndi oyera."

"Lowani."

Analowa. Ndinamuonetsa kawiri, kuyaka ndi kuzima. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Koma mfundoyo sinamasuke," anatero.

"Sinamasuke. Pa mfundo mulibe mnzanu mtsinje wonse uno."

"Ndiye cholakwa n'chiyani?"

"Moto si nsomba, mlamu. Sukodwa."

Anatuluka, malaya ali ndi mizere ya dothi, n'kupita kumaukonde ake.

Waya wofiira uja ndinauchotsa wonse. Ndinapeza wina wathunthu, wopanda cholumikiza, ndinautenga pa bokosi la mafyuzi m'kabini momwemo, mbali imene imalandira moto kiyi ikatsegulidwa, n'kuupatsa fyuzi yakeyake. Pobowola chitsulo ndinaveka kachidutswa ka chubu kuti waya usadyeke. Wailesi inabwerera pamalo pake, ndi mabauti awiri m'malo mwa malegeni. Batire ndinaidzaza poyendetsa lole kupita ku boma ndi kubwerera, nsomba zili momwemo.

Loweruka azimayi anafika n'kuima kumbuyo kwa lole, manja ali pa bodi, okonzeka kukankha. Ndinawauza akwere. Anayang'anana, koma anakwera. Ndinapotokola kamodzi, injini inalira.

Mlamu anakhala pambali panga, maso kutsogolo. Za dalaivala wa ku Katondwe sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Titadutsa asilikali a pa rodibuloko yoyamba, anafunsa ngati ndingamuikirenso hutala yachiwiri, ya mawu aakulu, imene anaiona pa basi ina. Ndinati aigule, koma asaitulutse m'katoni mpaka ine nditafika.