Ndinakhala Pakhomo Mpaka Anapita ku Chipatala

Chizindikiro choyamba ndinachiona pa mpango. Munali mu Juni 1955, tili ku komboni ya Wanki. Amuna anga, bambo a Lute, ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo makhololo akuda sitinkadabwa nawo, poti aliyense ankalavula malasha. Koma tsiku limenelo pa mpango panali magazi. Pogona ankanyowetsa bulangete ndi thukuta, ndipo lamba ankangomuboola mabowo atsopano.

Nditatchula za chipatala anakana. Tonse tinkadziwa kuti wopezeka ndi chifuwa chachikulu ntchito yapansi imathera pomwepo, ena ankakwezedwa sitima kubwerera ku Nyasalande. Komanso anali ndi buku lawo lokutidwa ndi pepala la simenti, la munthu wina wodziwa mbiri yakale, lofotokoza momwe anthu wamba anagonjetsera olamulira popanda kuponya mwala. Lamulungu lililonse masana ankawerengera anzawo, akumasulira m'Chinyanja, mazenera ali otseka poopa apolisi a kampani. Anyamata ena pagulupo ankafuna zowotcha sitolo ya komboni. "Amake Lute, ndikakagona uko, anawa atola miyala," anatero.

Ine sukulu sindinaiponde, koma makutu ndili nawo. Lolemba m'mawa ndinayala chiguduli pakhomo n'kukhala pansi. Sindinakalipe. Ndinkangodzuka kukawaphikira iwo ndi mwana, ine osalawa kanthu. Amayi oyandikana nafe anabwera kudzakhala nane. Ndinkaopa kwambiri, chifukwa mutu unayamba kuzungulira ndi njala, amuna anga akungondilambalala. Lachinayi anaima nthawi yaitali akundiyang'ana, kenako anatenga chipewa n'kupita ku chipatala.

Atawajambula chifuwa anawagoneka m'chipinda chachitali cha okhosomola okhaokha. Jakisoni m'mawa uliwonse, mapiritsi owawa odzaza dzanja, sikelo Lachisanu. Ife tinkawaonera kunja kwa waya. Bedi loyandikana ndi lawo linasintha eni kawiri. Dokotala anati, kudzera mwa womasulira: "Phapo limodzi ladyeka. Mukanadikira dzinja, tikanapima bokosi."

Amuna anga anatuluka m'chipatala mvula itatha. Sitolo ija sinapse. Koma awiri mwa amene ankamvera buku m'chipinda chotseka chija nawonso anadwala chifuwa. Mmodzi anabisa, ndipo tinamuika m'manda.

Lero bambo a Lute amasoka zovala pakhonde, ndipo akakwera chitunda amaima kaye kuti apeze mpweya. Amandiseka kuti pagulu lonse lija amene anamva bwino buku ndi ine, amene sankandiitana n'komwe. Mukaona magazi pa mpango pitani tsiku lomwelo, musadikire kuti wina akukhalireni pakhomo.