Kamba wa pa Chikhomo cha Malire

Chikhomo chija chinali chachitsulo, chodulidwa ku sipuling'i ya lole, ndipo kumutu kwake kunali kophwatalala chifukwa cha nyundo. Anachikhoma ndi bambo anga asanamwalire, pakona pa puloti yathu kwa Mponda, kuti aliyense adziwe pamene pathera pathu ndi pamene payambira pa eni ake. Ine za malire sindinkazidziwa. Kwa ine chikhomocho chinali pomangirira kamba wanga.

Kambayo anabwera naye ndi amalume, mvula yoyamba itangogwa. Amalume ankapikula nsomba zouma ku Makanjira n'kumadzagulitsa m'tauni. Tsiku lina lole yomwe anakwera inatitimira m'matope, ndipo ali mkati mokankha anaona kamba akuwoloka msewu mosatekeseka, ngati msewuwo unali wa agogo ake. Anamutola n'kumuponya m'dengu la utaka. Anafika kwathu akununkha nsomba, mutu ndi miyendo zonse atabisa. Amayi atamuona anangoti, "Achimwene, mwaiwala kuti kamba amanyera womutola?" Amalume anaseka. Anawotcha msomali, n'kuboola kabowo kumapeto kwa chigoba, n'kulowetsamo chingwe cha ukonde wakale. Mbali ina ya chingwecho anaimanga pachikhomo, chifukwa panali udzu wanthete ndi mthunzi wa mtengo wa mango.

Ndinali ndi chaka chimodzi chokha kusukulu, ndipo ndinali ndisanakhalepo ndi chinthu changachanga. Ndinkathamanga poweruka kuti ndikamuone akutafuna. Ankatulutsa khosi lamakwinya pang'onopang'ono, n'kuluma tsamba la nkhwani ndi kamwa yopanda mano, n'kumandiyang'ana ndi timaso tonyowa ngati wandikhululukira mlandu wina wake.

Dzina linachokera pakamwa pa amalume, ngakhale iwo sanadziwe kuti apereka dzina. Ndinawafunsa kuti kamba amakhala zaka zingati. Anati, "Aka sikafa aka. Ine ndidzapita, amako adzapita, iwe udzamera imvi, iko kali phee. N'kamuyaya." Amayi anawaponyera diso n'kunena motsitsa, "Pakamwa panupo." Ine sindinaone chowakalipira. Kusukulu m'mawa uliwonse tinkaima pamzere padzuwa n'kumaimbira mwini dziko, yemwe chithunzi chake chinali pamwamba pa bolodi, ndipo m'nyimbo zonsezo munali mawu akuti wamuyaya. Anali mawu aakulu kuposa onse amene ndinkawadziwa. Ndiye ndinamupatsa kamba wanga, ndipo ndinkamutchula choncho tikakhala awiriwiri. Mpaka lero sindipepesa. Ndi mwana uti amene amapatsa dzina laling'ono chinthu chomwe amachikonda?

Kuseri kwa chikhomo kunkakhala a tcheyamani a nthambi ya chipani. Anali obwera ngati ife tomwe, munthu wa mawu ofewa, wokonda kupesa tsitsi. Pamsika ankayenda ndi ayufi ovala malaya ofiira, n'kumafunsa makhadi kwa amayi ogulitsa usipa. Bambo anga ali moyo, a tcheyamani ankangopereka moni. Maliro atangotha anayamba kuliyang'ana dera la m'mbali mwa malire, kumene kunali mtengo wa mango umene bambo anabzala ndi kadimba ka amayi ka nkhwani ndi therere. Ankafuna kumangapo nyumba za lendi. Poyamba mbuzi zawo zinkangopezeka m'dimba mwathu. Kenaka phulusa la kukhitchini kwawo linayamba kutayidwa mbali yathu. Amayi ankangosesa, koma tsache lawo linkamveka ukali.

Kamba womangidwa amadya mozungulira. Pofika pakati pa dzinja anali atamaliza udzu wonse umene chingwe chinkamulola kufika, moti pachikhomo panali bwalo loyera, lozungulira bwino ngati lichero. M'mawa wina ndinapita ndi makoko a papaya n'kupeza zachilendo. Kamba anali pa udzu watsopano, chikhomo chili pafupi ndi mtengo wa mango, pamene bwalo lija linali latsala lokha kumbali ya a tcheyamani. Pakati pake panali dothi lofiira lokwirira dzenje, chala cha phazi chikuonekera pamene munthu anapondapo.

Ndinakaitana amayi. Anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno, kenaka anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire bambo. "Wakuba waiwala kufufuta mapazi," anatero. Amalume atabwera anagwirizana kuti aitane akuluakulu amene analipo tsiku lokhoma chikhomo kuti adzaone ndi maso awo. Anandiuza kuti ndisaponde pabwalopo. Tsiku limenelo amayi ankaimba potsuka mbale, ndipo kamba anadya nthochi yathunthu. Ankamutchula kuti mboni yathu.

Koma amene anasuntha chikhomo uja sanamange bwino chingwe. Masana a tsiku lotsatira, mvula itakata, nthaka ikufuka nthunzi, azana oitanira mapemphero akumveka kuchokera kumzikiti, ndinapeza chingwe chili chokha. Ndinatsata kanjira ka m'matope mpaka m'munda wa maungu wa a tcheyamani. Anali mmenemo, duwa lachikasu lili kukamwa. Mtima unandipsa chifukwa ndinadziwa kuti atipezera chifukwa. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba kumugogoda pachigoba, uku ndikukuwa ndi mawu anga onse:

"Wamuyaya! Wakuba iwe! Wamuyaya, mbava yopanda manyazi, umangodya za eni! Lero ndikukwapula!"

A tcheyamani anali pakhonde, akumvera wailesi. Ndimakumbukira kuti wailesiyo inazima. Kunangoti zii, kupatula nkhunda padenga. Anatsika pakhonde osafulumira, n'kuwerama mpaka ndinamva fungo la mafuta a m'tsitsi lawo.

"Wati ndani, mwana wanga?"

Ndinabwereza. Ndinabwereza monyadira, ndipo atafunsa kuti dzina lokongola chotero ndinalitenga kuti, ndinawauza kuti amalume ndiwo anati n'kamuyaya.

Amayi anamva zonse ali kuseri kwa khitchini. Anabwera, anandigwira dzanja, ananyamula kamba ndi dzanja linalo, n'kutilowetsa m'nyumba. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa mkwapulo ndinkaudziwa poyambira ndi pothera pake. Anatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pansi atatsamira khoma. Amalume atafika, amayi anawanong'oneza pang'ono chabe. Amalume, munthu amene sankatha kudya osaseka, anangondiyang'ana n'kundisisita kumutu. Anachoka dzuwa lisanalowe, kulowera kudoko. Anasiya madengu awo, anasiya ndi njinga yomwe.

Masiku otsatirawo ndinaphunzira kumva galimoto ikadali kutali. Ikamveka, amayi ankasiya chomwe akugwira n'kuima chilili mpaka phokoso litadutsa. Ine ndinkalowa pansi pa bedi pamodzi ndi kamba, yemwe tsopano tinkamubisa m'beseni. Amayi oyandikana nawo, amene ankabwera tsiku lililonse kudzapala moto kapena kupempha mchere, anasiya. Moni ankaperekera kumsewu, maso ali kwina. Ana anzanga kumjigo anandiuza kuti wotukwana mwini dziko amakasanduka ndiwo za ng'ona. Kwa mwana wa kwina amenewo akanakhala mawu chabe, koma ife Shire anali pafupi, ndipo ng'ona ndinali nditaionapo itayasamula pamchenga. Ndinkaona amayi ali m'kamwa mwake, nsalu yawo ya maluwa ikuyandama. Ndinayambiranso kukodza pamphasa, ndipo amayi ankangoyanika osandinyoza.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti sindinkadziwa pamene ndinatukwana. Ndinakalipira kamba wakuba maungu, basi.

Kusukulu nkhani inali itafika kale. Anzanga atatuluka kukasewera, aphunzitsi anandiuza kuti nditsale. Anatseka chitseko, anasuzumira pawindo, n'kudzagwada kuti nkhope yawo ilingane ndi yanga. Anandigwira mapewa ndi manja awo oyera ndi choko. Sindinkadziwa kuti aphunzitsi nawonso amachita mantha, ndipo kuona zimenezo kunandiopsa kuposa ng'ona.

"Kamba wako dzina lake ndi Chigoba," anatero. "Linali Chigoba kuyambira kale. Bwereza."

Ndinabwereza mpaka kukhosi kunauma. Chithunzi chija pamwamba pa bolodi chinkatiyang'ana tonse awiri.

A tcheyamani anabwera Lamulungu titangochoka kutchalitchi. Ayufi awiri anatsala kumsewu, atatsamira mlambe. Amayi anatulutsa mpando wa bambo, umene palibe ankaukhalira, n'kugwada patali. Anafunsana za moyo ngati anthu achibale. Kenaka a tcheyamani anapempha kuti aone kamba, ndipo anandifunsa dzina lake.

"Chigoba," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Dzina labwino," anatero akumwetulira. "Koma makutu angawa sanakalambe, mayi. Mwana sapeka yekha dzina, amatola kwa akulu. Achimwene anu aja apita kuti? Ine sindikufuna kuti nkhaniyi ipite kutsogolo. Mukudziwa inu, ikapita kutsogolo sibwerera." Anapukuta nsapato ndi mpango. "Koma za malire zija ndi zazing'ono. Tingavutitsirenji akuluakulu? Titha kumvana tokha pachibale."

Amayi anadzuka. Anapita pachikhomo n'kuchigwedeza uku ndi uku mpaka chinazuka, poti nthaka inali yofewa ndi mvula. Anachinyamula ndi manja awiri n'kuyamba kubwerera chakunyumba, a tcheyamani akuwatsatira manja ali kumbuyo. Anadutsa mtengo wa mango n'kuima. "Sunthani pang'ono, mayi." Anadutsa mizere ya therere. "Pang'ononso." Anakaima pafupi ndi khitchini, pamene madzi a padenga ankagwera. Anatola mwala n'kuchikhoma okha. Kulira kwa mwala pachitsulo kuja ndimakumvabe ndikadutsa pamene akumanga nyumba.

Ndinkayesa kuti zatha. Koma a tcheyamani anawerama n'kunyamula kamba.

"Uyu ndisunga ine. Angasowe, ndiye akadzafunsa akuluakulu tidzati chiyani?"

Ali m'manja mwawo, kamba anachita zomwe akamba amachita. Zinayenderera pathalauza lawo lositidwa bwino. Kuseka kunandifika pakhosi, koma zikhadabo za amayi zinalowa m'mkono mwanga. Palibe anaseka. Kwa a tcheyamani, mwambi wa amayi uja unakwaniritsidwa pathalauza pokha, poti kunena zoona amene anawanyera kamba ameneyo anali amalume. Tinadzawaonanso ine nditatha msinkhu, mano atawathera, akulankhula monong'ona ngakhale nkhani ya mvula.

A tcheyamani anamangirira kamba patsinde la mango, pamalo poonekera bwino ukaima pakhomo pathu. Galimoto sinabwere. Mvula inapitirira, udzu unamera pabwalo lija mpaka linafufutika, ndipo amisiri anayamba kukumba maziko pamene panali therere. M'mawa uliwonse amayi ankapita kumalire atsopano n'kugwada popereka moni. Tsiku limene achedwa, kapena akaoneka akulankhula ndi munthu wachilendo, a tcheyamani ankaima pansi pa mango n'kunena mokweza, "Mlendo wathu uja akudya bwino, mayi. Ali ndi moyo wautali ameneyu."

Ndipo ankadyadi bwino. Ankamupatsa nkhwani zanthete, papaya wakupsa, ndi madzi m'chitini chodula. Dzuwa likakula ankamusunthira pamthunzi. Mwana wawo atamuponya mwala, anamukwapula ife tikumva. Ine ndinkakhala pafupi ndi chikhomo n'kumamuyang'ana patali, mtima uli m'malo. Ndinauza amayi kuti, "Musadandaule, amamukonda."

Chakumapeto kwa dzinja, chimanga chitayamba kuuma, ndinadzuka m'mawa n'kumva amayi akupemphera kuseri kwa khitchini. Ndinkayesa akupempherera amalume. Nditayandikira ndinamva akuti, "Ambuye, mutengeni kamba uja. Mutengeni, ndapota nanu." Ndinalira mokuwa. Ndinawanena kuti ndi oipa mtima, ndinakana kudya tsiku lonse, ndipo kwa masiku angapo sindinkawayang'ana kumaso. Iwo sanadziteteze. Akanandiuza chiyani, mwana amene pakamwa pake panali patawadyera kale dimba ndi mlongo wawo?

Lero ndikudziwa chimene a tcheyamani ankadyetsa pansi pa mango paja: inali mboni yotiopsezera. Koma nthawi imeneyo madzulo aliwonse ndinkagwada pamphasa n'kupempha Mulungu kuti asamvere amayi, kuti kamba wanga akhale ndi moyo mpaka ine nditamera imvi, ndiponso kuti adalitse bambo achifundo amene ankamupatsa papaya.