Mmene Kampani Inasamutsira Nyumba Yathu ku Malawi

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ku ofesi ina yakutali, imene sindidziwa ngakhale dziko lake, kuli makina onena kuti nyumba ya bambo anga ili ku Malawi. Makinawo amakhulupiriridwa ndi anthu ambiri kuposa ife. Choncho ndaona kuti n'koyenera kuti palembedwe penapake, m'chinenero chathu ndiponso mosapita m'mbali, kuti nyumbayo ili m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, ndipo sinasunthepo chiimangireni.

Ndine wophunzira pakoleji ya zauphunzitsi, ndipo ndikukonzekera kudzaphunzitsa ana Chinyanja. Gawo lalikulu la maphunziro athu timalichitira kunyumba: timalandira ntchito ndi kulemba mayeso ena pa intaneti. N'chifukwa chake bambo anavomera kuti tigule kabokosi ka intaneti kukampani yomwe inatiikira dishi ya wailesi yakanema. Tinakakatenga kuvila, monga timatchulira tauni ya Milange, n'kukaika pawindo loyang'ana kumtsinje wa m'malire.

Nyumba yathu ili pafupi kwambiri ndi mtsinjewo. Tikakhala pakhonde timaona minda ya tiyi ya tsidya lija, komanso nsanja ya netiweki ya ku Muloza. Mafoni athu anazolowera kusokonezeka. Munthu akangotsikira kudimba, foni imalira n'kumulandira m'dziko la Malawi. Amayi amakonda kunena kuti iwo amapita kunja n'kubwerako ndiwo zisanapse, opanda pasipoti.

Kabokosi kaja nakonso kanayamba kukoka netiweki ya tsidya lija ife osadziwa. M'sabata imene ndinkakonzekera mayeso otsiriza a chigawo, intaneti inatsekedwa, wailesi yakanema nayonso inada. Pagalasi panatsala uthenga wa m'Chipwitikizi wonena kuti zipangizozo zikugwiritsidwa ntchito kunja kwa dziko lololedwa. Amene anatigulitsa kuvila kuja anapukusa mutu nati iwo ntchito yawo ndi kugulitsa basi, zotsegula ndiziimbira nambala yolembedwa pakatoni.

Ndinaimba kangapo. Poyamba pamalira nyimbo, kenaka mawu ojambulidwa okulamula kudina manambala, ndipo pamapeto pake pamabwera munthu. Anthuwo ankalankhula Chipwitikizi chosiyana ndi chathu, ena chomeza mawu, ena chomveka ngati akuimba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa Milange. Wina anandifunsa ngati lili dzina la msewu. Onse ankayamba ndi kundiuza kuti ndizimitse kabokosiko n'kukayatsanso, kenaka n'kufunsa dzina la msewu wathu ndi nambala ya nyumba. Ndinkafotokoza mwaulemu kuti munthu akapitirira chigayo amakhotera patchalitchi chaching'ono cha Akatolika, ndipo nyumba yathu ndi ya njerwa zowotcha imene ili kuseri kwa nthochi. Ankandiyankha kuti makina awo alibe malo olembapo nthochi.

Potsiriza anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba inali yoti katswiri abwere kudzaona yekha pamene pali nyumbayo, koma katswiri satumizidwa kumalo opanda dzina la msewu. Yachiwiri inali yosavuta. Mwini wa zipangizo, amene ndi bambo, anangofunika kutsimikiza ndi pakamwa pawo, foni ikujambula, kuti zipangizozo zili ku Malawi. Akatero akanatisamutsira kunthambi ya kampaniyo ya m'dzikolo, ndipo zonse zikanatseguka tsiku lomwelo.

Ndinawapeza bambo akumata chubu cha njinga pamthunzi wa nkhokwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chala chawo chili pachigamba.

Bambo anawoloka mtsinje umenewu ali mnyamata, pothawa nkhondo. Anakhala zaka zambiri kumsasa wa othawa kwawo, akuima pamzere wa nyemba ndi ufa, akuwerengedwa ngati alendo. Mtendere utabwera anabwerera, napeza pamudzi patamera tchire, ndipo anaumba okha njerwa za nyumba imene tikukhalamoyi.

"Ku Malawi ndinakhalako," anatero. "Anthu ake anatisunga bwino, sindingawanyoze. Koma ndinabwerako ndi miyendo yangayi. Lero andibwezereko pafoni?"

"Ababa, ndi mawu chabe. Nyumba siisuntha ayi."

"Ngati ndi mawu chabe, anene iwowo kuti alakwitsa."

Amayi, amene ankasankha nyemba pakhonde, analowererapo. "Nenani basi, mwana alembe mayeso. Shuga mumagula komweko, mankhwala komweko, ngakhale chubu mukumatacho n'cha komweko."

"Kugula shuga si kusamuka, amayi ake a mwana."

"Ndiye mayesowo akalembera pachubupo?"

Bambo anaika chubucho pansi. Anatsuka m'manja, navala malaya awo opitira kutchalitchi, n'kundiuza kuti ndiimbe kuti alankhule okha. Chipwitikizi amachimva, koma anafuna kulankhula Chinyanja, ine ndizimasulira.

Apa ndiyenera kufotokoza khalidwe lina la bambo, limene ndi la anthu ambiri a kwathu kuno. Salankhula nkhani ndi munthu amene sanawayankhe moni. Kaya ndi pamsika, kaya ndi pamalire pomwe, amayamba afunsa mmene munthu wadzukira ndi mmene awasiyira kunyumba. Munthu woyamba atangoyankha foni, bambo anati, "Mwadzuka bwanji, achimwene? Kunyumba ali bwanji? Mvula yagwa kwanuko?" Ndinamasulira zonse. Munthuyo anafunsa nambala ya kabokosi. Bambo anabwereza moni wawo, iye anabwereza funso lake, ndipo posakhalitsa foni inaduka. Wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Ndinamva pambuyo pake kuti anthu ogwira ntchitoyi amawerengeredwa nthawi imene athera pa munthu mmodzi, kotero kuti moni kwa iwo ndi chinthu chowalowetsa m'mavuto. Bambo nditawauza zimenezi anati ndiye kuti amene anawalemba ntchitoyo sanaleredwe.

Mayeso ankayandikira, ndipo ine ndinkawerenga zolemba zakale zokha. Mtima unkandipweteka ndikaona kabokosi kaja kakuphethira kuwala kofiira pawindo. Komabe m'mawa uliwonse bambo ankavala malaya aja n'kukhala pampando.

Tsiku lina, dzuwa litakwera ndithu, anayankha mayi wina wa mawu otopa. Bambo atapereka moni, tinamva mayiyo akuseka chapansipansi.

"Ndadzuka bwino, senyoro," anatero mayiyo, powatchula bambo mwaulemu wa m'Chipwitikizi. "Kuno kukungocha kumene, ndipo mvula sinagwe. Kaya inu?"

Bambo anandiyang'ana, nakonza kolala. "Ifenso tadzuka. Kukungocha kumene? Kwanuko ndi kuti, mwanangu?"

"Sindiloledwa kunena."

"Wakuletsani ndani?"

"Malamulo a ntchito. Timauzidwa kuti tizinena kuti tili pafupi nanu."

"Ndiye inu amene simuloledwa kunena kumene muli, mwatumidwa kudzandiuza ine kumene ndili?"

Ndinamasulira mawuwo mosamala, osachotsapo kanthu kapena kuwafewetsa. Mayiyo sanadule foni. Anafotokoza kuti pagalasi la makina awo pali mzere wobiriwira, umene ndi mtsinje, ndi kadontho kofiira, kamene ndi ife, ndipo kadonthoko kali kumadzulo kwa mzerewo.

"Kadontho kanuko kali ndi manda?" anafunsa bambo.

"Sindinamve, senyoro."

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli manda a bambo anga, amene sanawoloke nawo mtsinje. Dzuwa limatitulukira kuphiri la Tumbine. Mukaone ngati kadonthoko kali nazo zimenezi. Ngati kalibe, si ine ameneyo."

Mayiyo anati alibe mphamvu yotsegula zipangizo zathu. Chimene akanatha ndi kulemba dandaulo n'kulitumiza kwa akuluakulu, koma yankho lake silibwera msanga. Anatikumbutsanso, monga mwa lamulo lawo, kuti njira yachidule ija ikadalipo. Ndinawonjezera ndekha kuti ndili ndi mayeso, ndipo iye anati wamva, koma makina samva zimenezo.

Bambo anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndikanawachonderera nthawi imeneyo akanawanena mawu aja. Ndinaganizira za ana amene ndidzawaphunzitse kulemba dzina la mudzi wawo. Ndinatenga foni n'kunena ndekha m'Chipwitikizi kuti alembe dandaulolo, ndipo alembe kuti mwini nyumba wakana kutsimikiza chinthu chonama.

Mayiyo anatiwerengera zimene analemba, ndipo zinali zolondola. Asanatsanzike anatsitsa mawu n'kunena kuti zikadzatseguka tidzachotse kabokosiko pawindo la kumtsinje. Bambo anamuuza kuti akapereke moni kunyumba, kulikonse kumene kuli.

Tsiku la mayeso linafika kuwala kuja kukadali kofiira. Mvula inali itagwa, ndipo shapa, minibasi yathu ya kuno, sinafike chifukwa cha matope. Bambo ananditenga panjinga yawo ya chubu chomata ija, laputopu nditaikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuibisa m'malaya. Pokwera mtunda tinkatsika n'kumakankha. Kuvila ndinalowa m'kasitolo kojambula mapepala, kamene kamabwereketsa intaneti, ndipo ndinalemba mayeso nditakhala pathumba la nyemba, amalonda ndi onyamula katundu akukangana pakhomo m'Chinyanja, m'Chilomwe ndi m'Chipwitikizi nthawi imodzi. Ndinayamba mochedwa, ndipo nthawi inatha ndisanamalize funso lotsiriza, lomwe ndinkalidziwa bwino kwambiri. Ndinakhoza, koma mopendekera, ndipo kwa nthawi yoyamba dzina langa silinali pakati pa otsogola. Zinandiwawa. Sindinawauze bambo kuti zinandiwawa, ndipo iwo sanapepese, chifukwa panalibe chopepesa.

Patapita nthawi kabokosi kaja kanatseguka kokha, popanda uthenga kapena kupepesa kulikonse. Tinakasamutsira pawindo la kum'mawa, loyang'ana kuphiri. Ngakhale zili choncho, nthawi zina kamakokabe netiweki ya ku Muloza n'kutsekedwanso, ndipo zonse zimayambiranso: nyimbo, manambala, dzina la msewu, njira yachidule. Mayi uja sitinamupezenso. Bambo amavala malaya awo, amapereka moni, ndipo amene sawayankha salankhula naye. Amayi amati tsiku lina kampaniyo idzatseka nthambi yonse chifukwa cha moni wa munthu mmodzi. Mawu aja sitinawanenepo, ndipo sitidzawanena.

Inu amene mwawerenga, ngati mwapeza liwu limene ndalilemba molakwika, kapena la Chipwitikizi limene lili ndi lathulathu loyenera kulowa m'malo mwake, chonde ndidziwitseni, pakuti ndikufuna kudzaphunzitsa ana zolondola. Ngati munagwirapo ntchito yoyankha mafoni yotere ndipo mwaona kuti ndainamizira, ndiuzeninso, ndidzakonza. Koma za pamene pali nyumba yathu musavutike kunditumizira chilichonse, chifukwa pamenepo sindinalakwitse.