Tsiku Limene Ndinakanda Thanki ya Njinga

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzanene kuti ndikuwonjezera. Ndinalipo ine. Analipo mwana wanga woyamba, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni muno mwa Zomba. Analipo alamu anga a ku Malosa, amene ndinawaitana dala chifukwa pamsika wa mbuzi diso lawo siliphonya. Analipo akulu a mpingo, kuti pakhale munthu woopa Mulungu. Analiponso amakaniko a chigayo cha kutsidya kwa Likangala, amene injini amaidziwa ndi khutu. Womaliza anali mwini njinga, mphunzitsi wa kuyunivesite, munthu wa ndevu zosamalika, mnzake wa mwana wanga. Mkazi wa mphunzitsiyo sindimuwerengera, poti anangotulutsa mipando n'kubwerera m'nyumba.

Ine ndinagwira ntchito paphiri zaka zambiri, poyamba wocheka matabwa, kenako kapitawo wa ocheka. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma palibe munthu anandigwiritsapo thabwa lofumbwa. Ndikaitana munthu ndili kudamu, ankayankha ali kuseri kwa mapaini, ndipo mawuwo sindinawatsitse mpaka lero. Chimene chinatha ndi mawondo. Dimba langa la kachewere lili kumtunda, nyumba ili kumunsi, ndipo mtunda umene ndinkaukwera ndikuimba unayamba kundikhazika pamiyala katatu ndisanafike.

Ndiye mwana wanga anabwera Lamlungu lina n'kunena kuti, "Ababa, ndakupezerani njinga yamoto. Yaing'ono, yosavuta. Ndaikwera ndekha, ilibe vuto. Mundikhulupirire."

Ndinamuyankha kuti munthu wokhalira kugwira cholembera sangadziwe chitsulo. Ndinaona kuti mawuwo amulowa, koma anangoti, "Mukaione." Mumtima ndinali ndi ziwiri. Kapena mwanayu amupusitsa anzake ophunzira, kapena iyenso ali momwemo. Zonsezo ndinapita nazo.

Mphunzitsi atangoitulutsa pakhonde, mtima wanga unati phwii. Njinga imeneyo ndinkaidziwa. Nyali yozungulira ngati mbale, matayala a masipoko, chishalo chachitali chofiirira, madigadi onyezimira, thanki yobiriwira yonga dzira. Zoterezi ankakwera alangizi a zaulimi ine ndili mnyamata, ndipo kuntchito kwathu inaliko imodzi imene ndinaphunzirirapo kuyendetsa.

"Aphunzitsi, imeneyi ili ndi zaka zingati?"

"Zitatu, madala."

"Zitatu? Imeneyi ndi msinkhu wanga!"

Anaseka. "Anaipanga dala kuti izioneka yachikale. Anthu ambiri amazikonda choncho."

Apa ndi pamene ndinakhala tsonga. M'moyo mwanga ndaona anthu akudzoza chakale kuti chioneke chatsopano. Nyumba yong'aluka amaipaka laimu, nsapato yotha amaithira polishi. Koma munthu kutenga chatsopano n'kuchikalambitsa dala, ndi ndalama zake, zimenezo ndinali ndisanamvepo. Ndipo ndinali ndi chifukwa choopera. Titangolowa matipate, katundu wambiri ankasintha manja osadziwika kumene wachokera. Mnansi wanga wina anagula njinga yamoto yakuda bii, yokongola. Patapita mwezi apolisi anabwera, anapala pentiyo, pansi pake panatuluka mtundu wa eni ake. Anamudutsitsa pamsika manja ali kumbuyo, ine ndikuona. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti ine sadzandiyendetsa choncho.

Ndinagwira injini. Inali yofunda.

"Bwanji mwaitenthetsa tisanafike?"

"Ndinapita nayo kukagula buledi."

"Tidikira izizire."

Mwana wanga anati, "Ababa, anthuwa ali ndi zochita."

"Amene ali ndi zochita apite. Ine ndabwera kudzagula, sindinabwere kudzapatsidwa mphatso."

Tinakhala pamipando pafupifupi ola lathunthu. Alamu anga anazungulira njinga, akutsina matayala ngati akufuna mafuta pambuzi, n'kunena kuti, "Alamu, ikanakhala yaikazi ndikanati sinaberekepo." Onse anaseka, ine ayi. Akulu a mpingo anafunsa mwaulemu chifukwa chogulitsira. Mphunzitsi anati chibadwire mwana wawo, mayi a kunyumba sagona tulo iye akakwera njinga, ndiye anagula kagalimoto. Ndinangoti mumtima, wogulitsa aliyense ali ndi mkazi wamantha.

Ndinaitanitsa bulubuku, pepala la umwini lija. Mwana wanga anatambasula dzanja kuti andiwerengere, ine ndinabweza. Zilembo zimandichedwetsa, koma manambala ndakhala nawo moyo wonse. Ndinagwada ndi mawondo omwewa, chala china papepala, china pachitsulo cha pakhosi pa njinga, nambala imodzi imodzi. Zinafanana. Ndinabwerezanso. Zinafanana. Koma ine ndinakhomapo manambala pazipika zosawerengeka, ndikudziwa kuti nambala amakhoma ndi munthu wa manja awiri ngati ine.

Injini itazizira, mphunzitsi anaponda kamodzi, inalira. Amakaniko anawerama, khutu pafupi, maso atatsinzina. Anaika chikhatho kumpopi wa utsi, n'kununkhiza.

"Bwana kapitawo, iyi ndi yanthete. Sinatsegulidwepo."

"Inu mumadziwa chigayo. Chigayo sichikwera phiri."

Ndinauza mphunzitsi kuti ndikufuna indikweze mpaka pamwamba, tonse awiri, ine kumbuyo. Chinthu chokalamba chimabisa zaka zake pachigwa, koma pamtunda chimaulula. Anayang'ana mwana wanga, mwana wanga anayang'ana pansi. Kenako mphunzitsi analowa m'nyumba n'kutulutsa zisoti ziwiri.

Tinadutsa nyumba zakale za boma, tinayamba kukwera. Ine si munthu wochepa thupi, ndipo ndinakhala dala mwamphamvu. Khutu langa linali pa injini, kudikira kuti itsokomole. Pakona iliyonse ndinkatembenuka kuona ngati tikusiya utsi. Tinakumana ndi amuna otsika ndi nkhuni panjinga zakapalasa, mapazi akukwekwesa pansi, ndipo mmodzi amene ndinagwira naye ntchito anakuwa kuti, "Akapitawo, mwayamba kuberekedwa?" Ndinamuyankha mawu amene sindingabwereze pano. Njingayo sinathamange, zimenezo ndivomere, pena inkayenda ngati munthu wonyamula mtolo. Koma sinatsokomole ngakhale kamodzi. Zimenezo zinandikwiyitsa, chifukwa ndinadziwa kuti amene anaikonza anali katswiri.

Pafupi ndi damu ndinamugogoda paphewa kuti aime. Kunali nkhungu pang'ono, kozizira. Ndinavula chisoti.

"Aphunzitsi, pano tili awiri. Mwana wanga palibe. Njingayi munaitenga kuti, ndipo anaipaka penti ndani?"

"Ndinaigula yatsopano ku Blantyre, madala. Mapepala mwawaona."

"Nanga mwana wangayo mwamulonjeza chiyani kuti andikokere kuno?"

Kuseka kunamuthera. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanu wandivutitsa miyezi iwiri. Ine sindinkafuna kugulitsa kwa munthu womudziwa. Ankabwera mu ofesi mwanga kumandiuza za mawondo anu, mpaka ndinabweza anthu ena awiri chifukwa cha iyeyo. Ndimulonjeze chiyani?"

Anayankhula bwino. Koma munthu wophunzitsa kuyunivesite ntchito yake ndi kuyankhula bwino. Ndinavala chisoti, tinatsika. Mabuleki ankagwira, sindinapeze chilema.

Titalowa pageti, onse anaimirira. Mwana wanga anali akumwetulira, nkhope yonse ili ngwee.

"Mwaona, ababa? Yakukwezani?"

"Yandikweza."

"Basitu, timalize."

Amakaniko anavomera, akulu a mpingo anavomera, alamu anayamba kufunsa ngati ndidzawaperekeze ku Malosa. Anthu asanu mbali imodzi, ine ndekha mbali ina. Ndikaona anthu agwirizana msanga chonchi, ndimadziwa kuti pali chimene sichinaonedwe. Paphiri, mtengo ukandikayikitsa sindinkafunsa munthu. Ndinkasenda khungwa n'kuona ndekha za mkati.

Ndinatulutsa mpeni wanga m'thumba, ndinautsegula, ndinakanda pamwamba pa thanki, kutalika ngati chala. Unalira kwee. Mwana wanga anakuwa kuti, "Ababa!" koma ndinali nditayamba kale. Pansi pa penti yobiriwira panali yotuwa yopyapyala. Pansi pa yotuwayo panali chitsulo choyera, chopanda dzimbiri, chopanda mtundu wina uliwonse. Ndinati mwina thanki anasintha. Ndinawerama n'kupalanso pachitsulo cha pansi pa chishalo. Chimodzimodzi.

Mkazi wa mphunzitsi anasuzumira pawindo. Alamu anga ndiwo anayamba kuyankhula, chapansipansi.

"Alamu, ngakhale ife kumsika mbuzi sitiicheka tisanagule."

Mphunzitsi anabwera, anayendetsa chala chake pachipsera chija pang'onopang'ono, kawiri. Sanandiyang'ane. Anauza mwana wanga mawu angapo m'Chingelezi, mwana wanga anayankha m'Chingelezi chomwecho, manja atagwira pachifuwa. Sindinamve zonse, koma kupepesa ndimakudziwa m'chilankhulo chilichonse.

Ine ndinapinda mpeni n'kunena mokweza kuti onse amve, "Chabwino. Njingayi ndi yeniyeni. Ndagula."

Ndinatambasula dzanja. Mphunzitsi anapereka makiyi ndi bulubuku kwa mwana wanga, dzanja langa analisiya m'malere. Akulu a mpingo anayesa kutseka ndi pemphero, koma Ameni anatuluka wa anthu awiri okha.

Ena akamva nkhaniyi amati ndinalakwa. Ine ndimati munthu amene sanaone mnzake akudutsa pamsika atamangidwa asandiphunzitse kugula. Njingayo ndili nayo mpaka lero, imandikweza kudimba, ndipo wapolisi akandiimitsa mtima wanga sugunda, chifukwa za mkati mwake ndinaziona ndi maso anga. Chipseracho sindinachipake penti. Koma ndinalonjeza kuti sindiwonjezera, ndiye sindichotsanso.

Pobwerera sitinaikwere. Mwana wanga anaigwira mahendulo n'kumaikankha, ine pambuyo. Amakaniko anapatuka, akulu a mpingo anapatuka, alamu anati akuthamangira minibasi ngakhale dzuwa linali likadali pamutu. Tinatsala awiri. Ndinayesa kumuuza kuti pentiyo ndi nkhani yaing'ono, kuti tsopano tonse tigona mtima uli pansi. Iye anangokankhabe njinga. Ndinamuuza kuti mnzakeyo ndi munthu woona, ndamuyesa ndipo wapambana. Tinafika pakhomo, anaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala, anaika makiyi pachishalo. Mayi ake anatuluka akululutira, koma ataona nkhope yake analeka. Mwana wanga anapukuta manja pathalauza, anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, ndipo anati:

"Ababa, paphiri paja munafunsa munthu wachilendo ngati ine ndagulidwa. Wandiuza m'Chingelezi muja. Mukanandifunsa kuno kunyumba, ndikanakuyankhani. Njinga ndi yanu, muziyendera bwino. Koma mukadzafuna chinthu china, mudzatume mpeni wanuwo. Ine musadzanditumenso."